Kusefa phokoso la magetsi pa masensa: mafunso ndi mayankho

Amisiri osamalira mapampu a madzi kuno ku Zomba amafunsa kawirikawiri chifukwa chake manambala a pa sikirini amavinavina pamene madzi a m'thanki ali phee. Lamulo lake ndi lakuti nthambo zikonzedwe kaye, sefa, yomwe imachotsa phokoso la magetsi mu uthenga wa sensa, ibwere pambuyo.

Kodi phokosoli limachokera kuti?

Magetsi a ESCOM amayenda pa 50 Hz, ndipo nthambo ya mota ikagona mumpaipi umodzi ndi ya sensa, imathira mphamvu yake mu uthenga wofooka wa sensayo. Ovuta kwambiri ndi ma VFD, makina olamulira liwiro la mota, popeza amasintha liwiro la mota podula ndi kulumikiza magetsi maulendo zikwizikwi pa sekondi.

Nthambo ziyalidwe motani?

Gwiritsani ntchito nthambo ya mawaya awiri opotana yokhala ndi chikuto chachitsulo, ndipo chikutocho muchilumikize ku earth (waya wopita m'nthaka) mbali imodzi yokha, ya ku panelo. Mukalumikiza mbali zonse ziwiri pamene earth ya kuthanki ndi ya kupanelo zikusiyana, magetsi amayamba kuyenda m'chikuto momwemo, ndipo chimene chimayenera kuteteza uthenga n'chimene chimauwononga. Nthambo ya sensa italikirane ndi ya mota, ndipo ngati zikumana, zidutsane mopingasa.

N'chifukwa chiyani 4–20 mA imaposa 0–10 V?

Izi ndi njira ziwiri zimene sensa imatumizira uthenga: 4–20 mA imagwiritsa ntchito current, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, pamene 0–10 V imagwiritsa ntchito volteji. Matanki ambiri amakhala kumtunda, kutali ndi panelo, ndipo pa mtunda wotere volteji imatsika m'njira, koma current imakhala yofanana m'waya monse. Ikafika, resistor ya 250 ohm imaisandutsa 1 mpaka 5 V. Ubwino wina umene ndimaulemekeza kwambiri ndi wakuti thanki yopanda madzi imaonetsa 4 mA, choncho mukaona 0 mA mumadziwa kuti waya waduka kapena sensa yafa.

Nanga sefa ichunidwe bwanji?

Ma PLC ambiri, makompyuta a mu panelo amene amawerenga masensa ndi kuyendetsa mapampu, amalola kusankha 50 Hz kapena 60 Hz. Kuno sankhani 50, pakuti makinawo amatenga avereji ya mamilisekondi 20, omwe ndi mzungulire umodzi wathunthu wa magetsi athu, ndipo phokosolo limadzifafaniza lokha. Sefa ina imapangidwa ndi tizipangizo tiwiri: resistor ya 1 kilo-ohm ndi capacitor ya 10 microfarad zimayamba kufooketsa zonse zopitirira pafupifupi 16 Hz.

Kodi kusefa kwambiri kuli ndi vuto?

Inde, ndipo lalikulu. Sefa iliyonse imachedwetsa uthenga. Madzi a m'thanki amakwera pang'onopang'ono, kotero kuchedwa kwa masekondi angapo sikuvuta, koma presha ya mumpaipi imasintha mwadzidzidzi, ndipo pampu ikhoza kupitiriza kukankha pamene sikirini ikuonetsa kuti zonse zili bwino.

Kodi sefa imateteza ku mphenzi?

Ayi. Ikani surge protector, chipangizo choteteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi, mbali zonse ziwiri za nthambo yaitali mvula ya mu Novembala isanayambe.