Kukwera kwa CRP sikutanthauza kuti khansa yabwerera

Abambo ambiri amene akulandira radiotherapy (chithandizo chogwiritsa ntchito cheza) pa khansa ya prostate amachita mantha akamamva kuwotcha pokodza kapena akamatsegula m'mimba. Akamvanso kuti CRP, puloteni ya m'magazi yosonyeza kutupa, yakwera, amaganiza kuti khansa yafalikira, mwinanso kulakalaka kusiya chithandizo. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akhoza kumuika munthu pangozi.

Prostate ili pansi pa chikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulutsira chimbudzi. Cheza cha radiotherapy chikamapha maselo a khansa chimakhudzako ziwalo zoyandikanazi. Thupi limatumiza maselo oyera a magazi kukakonza pamene pavulala, ndipo kutupa kumachokera pamenepo. Maselowo amatulutsa timapuloteni monga IL-6, timene timauza chiwindi kuti chipange CRP. Choncho CRP imangosonyeza kuti penapake patupa, siinena chomwe chachititsa. Matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo kapena nyamakazi amaikwezanso.

Pofuna kudziwa ngati khansa ikugonja, madokotala amayang'ana PSA, puloteni yopangidwa ndi prostate imene amaiyeza m'magazi. Imeneyi imatsika pang'onopang'ono, mwina kwa zaka ziwiri, ndipo nthawi zina imakwera pang'ono kenaka n'kutsikanso yokha, popanda khansa kubwerera.

Mavuto ambiri a pokodza ndi a m'mimba amachepa pakangopita milungu ingapo chithandizo chitatha. Koma kutentha thupi, kulephera kukodza, kapena magazi m'chimbudzi ngakhale patapita miyezi, musazibise. Kauzeni adokotala mwamsanga.