Mbiri ya Kaodzera ndi Umphawi m'Mphepete mwa Nkhalango ya Nkhotakota

Munthu akamatchula matenda ovuta m'boma la Nkhotakota amayamba ndi malungo, kenako likodzo, ndipo masiku ano amawonjezapo kolera, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pakati pa 2022 ndi 2023 ndipo sanalambalale midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Kaodzera amatchulidwa pomalizira, mwinanso kuiwalika kumene, chifukwa odwala ake pachaka ndi owerengeka. Komabe m'bomali mulibe nthenda ina imene imaonetsa poyera ngati iyi mmene umphawi umasankhira woti adwale, woti achedwe kufika kuchipatala ndi woti amwalire, ndipo mbiri yake yalukana ndi mbiri ya nkhalango yaikulu imene ili kumadzulo kwa tauni ya Nkhotakota.

Nthendayi imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene kamakhala m'magazi a nyama zakutchire monga mbawala, njiri, nguluwe ndi njati, ndipo nyamazo zimayenda nako osadwala. Kamafika mwa munthu akalumidwa ndi kashembe, ntchentche yoluma masana imene imakonda mithunzi ya m'thengo ndi m'mbali mwa mitsinje. Poyamba wodwala amatentha thupi, mutu umamuwawa ndipo thupi lonse limaphwanya, monga mmene malungo amayambira. Kachiromboko kakalowa mu ubongo, munthu amayamba kusokonezeka maganizo, kusinza masana, kusowa tulo usiku, ndipo pamapeto pake amakomoka. Popanda mankhwala, pafupifupi aliyense wodwala mtundu umene uli kunowu, umene asayansi amautcha rhodesiense, amamwalira.

Kuti timvetse chifukwa chimene kashembe anachulukira kuno, tiyenera kubwerera ku nthawi ya a Jumbe. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pa doko la Kota Kota (Nkhotakota ya lero), ndipo iye ndi olowa m'malo mwake ankaolotsa akapolo ndi minyanga panyanja kupita kumisika ya kugombe la kum'mawa kwa Africa. Nkhondo zogwira akapolo, pamodzi ndi nkhondo za Angoni ochokera kumtunda, zinachititsa anthu ambiri kusiya midzi yawo ing'onoing'ono n'kukaunjikana m'malinga ndi kufupi ndi nyanja, kumene ankadalira mpunga, chinangwa ndi nsomba. Minda imene anaisiya inamera tchire, ndipo kumene kwamera tchire nyama zimabwerera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 kunabuka mliri wa rinderpest umene unapulula ng'ombe ndi nyama zakutchire m'mayiko ambiri a mu Africa, kotero kuti kashembe anachepa kwa kanthawi chifukwa chosowa magazi oyamwa. Koma mpumulowo sunakhalitse. Boma la atsamunda linaika malamulo oteteza nyama amene anachepetsa ulenje wa anthu akuda, ndipo msonkho wa nyumba unathamangitsa amuna amphamvu kupita kuminda ya azungu kumwera ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa. M'midzi munatsala amayi, ana ndi okalamba, amene sakanatha kugwetsa mitengo ndi kutsegula minda monga kale. Nyama zinaswana, tchire linafika pafupi ndi makomo, ndipo kashembe anatsatira.

Wodwala woyamba m'dziko la Nyasaland anapezeka mu 1908, ndipo patangopita zaka zochepa nthendayi inali itapha anthu m'midzi yozungulira Domira Bay, m'boma la Salima la masiku ano. Boma linalengeza deralo kukhala la mliri n'kuika malamulo okhwima pa maulendo a anthu. Mu 1912 kunabwera Sir David Bruce, katswiri amene anali atafufuzapo matenda a kashembe ku Zululand, ndipo anamanga msasa wake pa phiri la Kasu m'dera la Dowa. Atayeza magazi a nyama zambiri, anatsimikiza kuti nyama zakutchire ndizo nkhokwe ya kachiromboko, ndipo analimbikitsa kuti ziphedwe m'madera okhala anthu. Dr. George Prentice, mmishonale wa Livingstonia amene ankagwira ntchito ku Kasungu, anali mmodzi mwa amene anadzudzula kwambiri malamulo oteteza nyama, poona kuti ankateteza masewera a azungu osaka pamene anthu ndi ziweto zawo zinkafa. Koma panalinso ena amphamvu, kuno ndi ku London, amene sankafuna kumva zopha nyama. Mkangano umenewu sunathe ndi chigamulo chimodzi. Chimene chinachitika pang'onopang'ono n'chakuti malo ena anapatulidwa kukhala a nyama, ndipo anthu anatsala m'mphepete mwake. Umu ndi mmene tinakhalira ndi nkhalango ya Nkhotakota, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene mtsinje wa Bua umadutsa pakati pake potsikira kunyanja.

Pali chinthu china chimene kashembe anachita chimene sichilembedwa m'mabuku a kuchipatala. Ntchentche yomweyo imapatsira ng'ombe matenda oondetsa ndi kupha, choncho midzi yoyandikana ndi nkhalango sinathe kuweta ng'ombe monga anzawo a kumtunda kwa chigawo chapakati. Mlimi wopanda ng'ombe alibe ngolo, alibe manyowa, alibe mkaka wa ana, ndiponso alibe chuma choti n'kugulitsa tsiku limene matenda agwa pakhomo. Kashembe anayamba wasaukitsa anthu asanawadwalitse.

Tsono funso n'lakuti, ndani amalumidwa ndi kashembe? Si mphunzitsi wa pa Boma kapena kalaliki wa kumunda wa nzimbe ku Dwangwa. Ndi mayi amene amalawirira m'mamawa kukatola nkhuni chifukwa kunja kwa nkhalango mitengo inatha, kapena kukazula bowa m'dzinja kuti akagulitse m'mbali mwa msewu wa M18 wopita ku Kasungu. Ndi bambo amene amakafula uchi, kudula nsungwi zolukira madengu, kumweta udzu wofolera, kapena kukapha mpasa mu Bua nthawi imene nsombazo zikukwera mtsinje kukaikira mazira. Enanso, tisabise, amakatchera misampha ndi kuotcha makala. Zambiri mwa ntchito zimenezi ndi mlandu ngati munthu alibe chilolezo, ndipo apa ndi pamene umphawi umaluma kachiwiri. Wachipatala akafunsa kuti, "Kodi bambo, mwalowako m'nkhalango posachedwapa?" wodwala amaganiza za alonda a nkhalango ndi khoti, n'kuyankha kuti, "Iyayi adokotala, ine ndimangokhalira kumunda." Yankho limenelo limachotsa chizindikiro chachikulu chimene chikanachititsa wachipatala kuganizira za kaodzera.

Chimene chimatsatira n'chodziwika kwa aliyense amene anadwazikapo nthendayi. Wodwala amayamba wagula panado pagolosale. Akapita kuchipatala chaching'ono amamubaya chala kuyeza malungo, ndipo popeza malungo ali ponseponse kuno kunyanja, si zachilendo kuti kachipangizoko kaonetse kuti alidi nawo. Amalandira LA n'kubwerera kwawo, koma thupi silizizira. Akapitanso kachiwiri amapatsidwa mankhwala ena. Akayamba kuonda anthu amanong'onezana za kachirombo ka HIV, ndipo akayamba kulankhula zosamveka kapena kugona akudya nsima, achibale amati wachita misala kapena amulodza, n'kupita naye kwa sing'anga kumene nkhuku ndi mbuzi zimathera. Kafukufuku wa akatswiri a zachipatala anasonyeza kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amakonda kuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi wa ku Uganda, amene amagwetsa munthu m'masabata ochepa. Kuchedwa kumeneku kukanakhala mwayi, koma kumapereka nthawi yoti banja liwononge zonse zimene lili nazo m'malo olakwika. Palibe kachipangizo koyezera msangamsanga mtundu wa rhodesiense monga kamene kalipo ka malungo. Pamafunika munthu wodziwa kuyang'ana magazi pa maikulosikopu, ndipo munthu woteroyo ndi chida chakecho sapezeka pa chipatala chilichonse cha kumudzi.

Timanyadira kuti m'zipatala za boma m'Malawi chithandizo n'chaulere, ndipo n'zoona. Koma ulerewo umayambira pakhomo la chipatala. Kuchokera kumudzi wa m'dera la Mwansambo kapena kumtunda kwa Mphonde, wodwala wosatha kukhala yekha panjinga amafunika kabaza wa njinga yamoto ndi munthu womugwira kumbuyo. Akagonekedwa, wachibale amakhala naye masabata angapo, akuphika kumalo a odwazika matenda ndi ufa ndi nkhuni zochokera kunyumba. Ngati ndi nthawi yopalira, munda umalowa tchire. Ngati banjalo limadalira ganyu, ganyuyo waima. Ena amakongola ndalama za katapila, ena amagulitsa mpunga udakali m'munda pamtengo wolira. Chipatala cha St Anne's, chimene amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anachiyambitsa mu 1902, chathandiza anthu a m'bomali kwa zaka zoposa 100, koma monga zipatala zina za mipingo chimalipiritsa pa zithandizo zambiri kuti chiziyenda.

Mbiri ya mankhwala ake nayonso ndi mbiri ya umphawi. Kwa zaka zambirimbiri panali mankhwala awiri okha. Suramin, wa m'zaka za m'ma 1920, amagwira ntchito kachirombo kasanalowe mu ubongo. Kakalowa, panali melarsoprol, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1949 ndipo amapangidwa ndi poizoni wa arsenic. Jakisoni wake amaotcha mitsempha, ndipo pafupifupi mmodzi mwa odwala 20 alionse amene ankalandira ankafa ndi mankhwalawo, osati ndi nthenda. Asanasankhe mankhwala, adokotala ankayenera kutenga madzi a pamsana ndi singano yaitali, chinthu chimene anthu ambiri amachiopa mpaka kuthawitsa wodwala wawo usiku. Palibe chifukwa cha sayansi chimene chinalepheretsa kuti mankhwala abwino apezeke msanga. Chifukwa chake chinali chakuti makampani sankaona phindu popangira mankhwala anthu osatha kugula. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani opanga mankhwalawa anagwirizana ndi bungwe la WHO kuti aziwapereka kwaulere, koma anali mankhwala akale omwewo.

Mkangano wa nyama ndi anthu unadzukanso m'masiku athu ano. Mu 2015 boma linapereka nkhalangoyi m'manja mwa bungwe la African Parks kuti liziisamalira mogwirizana ndi nthambi yoona za nyama zakutchire. Pa nthawiyo njovu zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi nyama zina pafupifupi 2,000, ndipo anamanga mpanda wamagetsi. Mpandawo wapulumutsa minda yambiri imene njovu ndi nguluwe zinkaononga, ndipo pali anthu a m'midzi yozungulira amene apeza ntchito, ming'oma ya njuchi ndi zilolezo zokatenga zinthu zina m'nkhalango pa nthawi yoikika. Koma kashembe sadziwa mpanda. Mu 2019 ndi 2020 Malawi inalemba odwala kaodzera pafupifupi 90 chaka chilichonse, ochuluka kuposa dziko lina lililonse pa mtundu wa rhodesiense, ambiri a iwo ochokera ku Rumphi kufupi ndi Vwaza, ena ku Nkhotakota. Sikungakhale chilungamo kuloza chala njovu zosamutsidwazo, pakuti nthendayi inalipo nyama zili zochepa, ndipo mbawala imodzi ya m'dambo la kuseri kwa mudzi ikhoza kusunga kachiromboko. Maganizo a Bruce opha nyama zonse palibenso amene angawavomereze lero. Komabe n'zomveka kunena kuti amene amapindula ndi nkhalango, kaya ndi boma kaya ndi alendo odzaona nyama, ayenera kusenza nawo mtengo wa nsalu zabuluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala zimene zimakopa ndi kupha kashembe, komanso mtengo woyeza magazi m'midzi ya m'malire, m'malo mousiyira mayi wotola nkhuni.

Ntchito zolimbana ndi umphawi weniweniwo zilipo, koma sizinasokedwe molingana ndi thupi la vutoli. Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse, anapangidwira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga a okalamba ndi a ana amasiye. Amene amalowa m'nkhalango ndi osauka amphamvu zawo, ndipo nthawi zambiri sakhala m'kaundula ameneyo mpaka tsiku limene nthenda yawalumaza.

Kusintha kwakukulu kwabwera ndi mankhwala a fexinidazole, amene bungwe la DNDi, lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa, linawayesa pa odwala a ku Rumphi ndi a ku Lwala m'dziko la Uganda. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wa rhodesiense, ndipo mu 2024 WHO inalangiza kuti akhale mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene amalemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Ndi mapiritsi akumwa kamodzi patsiku kwa masiku 10, ndipo kwa odwala ambiri amachotsa kufunika kwa jakisoni wa arsenic. Ana aang'ono ndi odwala amene afika atakomoka, osatha kumeza, akufunikabe mankhwala akale aja. Mapiritsiwa amalowa bwino m'magazi pokhapokha munthu akawamwa atadya chakudya chokwanira, kotero kuti pa masiku khumi onsewo pafunika wina woonetsetsa kuti wodwalayo wadya, ndipo mwezi wa Febuluwale m'midzi ya m'mphepete mwa Bua zimenezo si zapafupi. Ndiponso mapiritsi saperekedwa kwa munthu amene magazi ake sanayezedwe, choncho ntchito yaikulu yatsalira alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene ayenera kutumiza ku labotale aliyense amene malungo ake sakumva LA, osayamba amufunsa ngati anali ndi chilolezo cholowera m'nkhalango.