Ronaldo uti? Dzina limodzi, akatswiri awiri

Mukatchula Ronaldo pamalo oonerapo mpira lero, achinyamata ambiri amangoganiza za Cristiano wa ku Portugal. Ife olemba nkhani zamasewero zimatidetsa nkhawa, chifukwa dzinali linali ndi mwini wake kale, ndipo mbiri ya mwiniwakeyo ikumira pang'onopang'ono m'mbiri ya mnzake.

Ronaldo Luís Nazário de Lima anabadwa m'chaka cha 1976 ku Rio de Janeiro. Ku Brazil osewera amadziwika ndi dzina loyamba kapena lachibwana, n'chifukwa chake mayina amawombana kawirikawiri. Iyenso anakumana nazo. Pamasewero a Olympics a 1996 ku Atlanta, m'timu munali wotchinga kumbuyo Ronaldo Guiaro, yemwe anali wamkulu kwa iye, choncho jezi ya mnyamatayu inalembedwa Ronaldinho, kutanthauza Ronaldo wamng'ono. Atatchuka anatenga dzina lake lenileni, ndipo lachibwanalo linagwera Ronaldo de Assis Moreira wa ku Porto Alegre, amene dziko lonse likumudziwa ngati Ronaldinho mpaka lero.

Amene simunamuone akusewera, mvetserani. Anali ndi liwiro, thupi lamphamvu, komanso njomba zomwe zinkagwetsa magoloboyi pansi mpira asanaumenye n'komwe. Anachoka ku Cruzeiro kupita ku PSV Eindhoven mu 1994, kenako Barcelona, kenako Inter Milan, ndipo mu 1997 analandira Ballon d'Or, mphoto ya wosewera mpira wabwino koposa pachaka, ali ndi zaka 21 zokha. Chimene chinamulanda zaka zake zabwino ndi bondo. Anavulala mu November 1999, n'kubwerera mu April 2000 pamasewero ndi Lazio. Patangotha mphindi zochepa atalowa, akuyesa kudyetsa njomba, bondo lakumanja linagonja popanda womukhudza, iye n'kugwa akulira, osewera a mbali zonse atagwira kumutu. Ambiri ankati zake zatha. Koma mu 2002 anamwetsa zigoli 8 pachikho cha dziko lonse, ziwiri mwa izo m'ndime yotsiriza pomwe Brazil inagonjetsa Germany ya Oliver Kahn 2-0.

Cristiano Ronaldo dos Santos Aveiro anabadwa mu 1985 ku Funchal, pachilumba cha Madeira. Dzina lake silikukhudzana n'komwe ndi Brazil: bambo ake ankakonda Ronald Reagan, yemwe ankasewera mafilimu asanakhale mtsogoleri wa America.

Chodabwitsa n'choti njira zawo zinkangodutsana. Mu April 2003 wa ku Brazil uja, atavala jezi ya Real Madrid, anamwetsa zigoli zitatu pa Old Trafford, bwalo la Manchester United, ndipo potuluka ochemerera Manchester United anaimirira n'kumuwombera m'manja. Mu August chaka chomwecho Cristiano anafika pabwalo lomwelo kuchokera ku Sporting ali ndi zaka 18. Atapita ku Real Madrid mu 2009, nambala 7 inali ya Raúl, ndiye chaka choyamba anavala 9. Jezi yoyera yolembedwa Ronaldo 9 inavalidwapo ndi anthu awiri, ndipo zithunzi zakale zimasokoneza ngakhale anzathu m'nyuzi.

Mkangano woti wamkulu ndani sindiukana, koma uzikhala wachilungamo. Cristiano ali ndi Ballon d'Or zisanu, anatenga chikho cha Euro 2016, ndipo wasunga thupi lake mwakhama losowa. Pa kuchuluka kwa zigoli sangafanane. Komabe pachikho cha dziko lonse wa ku Brazil anamwetsa 15, pomwe Cristiano anali ndi 8 pofika 2022, ndipo chiwerengero cha 15 chija chinakhala pamwamba mpaka Miroslav Klose anachipitirira mu 2014. Wina tikumuyeza ndi zaka zoposa makumi awiri za thupi langwiro, wina ndi mawondo ochitidwa maopaleshoni.

Chimene chimandipweteka ndi chizolowezi chowasiyanitsa ponena kuti "Ronaldo wonenepa uja". Posiya mpira mu February 2011 ali ku Corinthians, iye anaulula misozi ili m'maso kuti ali ndi matenda a chithokomiro omwe amachititsa thupi kunenepa. Kumunena ndi thupi lake n'kuseka wodwala. Njira zaulemu zilipo: Ronaldo Nazário kapena R9 kwa wa ku Brazil, Cristiano kapena CR7 kwa wa ku Portugal. Polemba nkhani, ine dzina la Nazário sindilisiya, ngakhale malo atachepa bwanji.