Kusataya mtima pamene ubongo wovulala ukuchira

Munthu amene anavulala ubongo akatuluka m'chipatala, abale amakonda kumuuza kuti, "Limbani mtima, chachikulu mwapulumuka." Mawuwo ngabwino, koma vuto lake nlakuti chiwalo chimene munthu amalimbira nacho mtima ndi chomwe chavulalacho. N'chifukwa chake achipatala amayamba afufuza chimene chikumufooketsa wodwalayo, pakuti pali zinthu zingapo zooneka zofanana koma chithandizo chake n'chosiyana.

Chofala kwambiri ndi kutopa. Ubongo ndi pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akamapuma. Ukavulala, zinthu zimene zinkangochitika zokha, monga kutsatira nkhani ya anthu awiri uku wailesi ikulira, zimafuna khama lalikulu. Apa m'pamene ambiri amagwa. Tsiku limene wadzuka bwino, wodwala amachapa, kulandira alendo, kuyankha mauthenga onse pa foni. Mawa lake sadzuka, mutu ukuwawa, ndipo pamatha masiku awiri kapena atatu asanakhalenso bwino. Iye amati matenda abwerera, pamene kwenikweni wangopyola muyeso. Zikabwerezabwereza, mtima umafooka.

Njira yake ndi kusiya ntchito kutopa kusanafike. Gwirani ntchito ya maganizo kwa mphindi 20 kapena 30, kenako pumani mphindi 10 pamalo abata, maso ali chitsinzinire, foni ili patali. Kuonera kanema si kupuma, ubongo umakhala ukugwirabe ntchito. Zovuta kwambiri muzichita nthawi imene mutu umakhala wopepuka, kwa ambiri ndi m'mawa. Mawu akayamba kuthawa pakamwa, kapena kaphokoso kakang'ono kakayamba kukupsetsani mtima, nthawi yopuma yapitirira kale. Mukatha masiku angapo osatopa mopyola muyeso, onjezerani mphindi zisanu zokha pa nthawi yogwira ntchito.

Chachiwiri ndi muyeso umene munthu akudziyesera. Amene amadzifanizira ndi mmene analili ngozi isanachitike amaluza tsiku lililonse. Kuonjezera apo, ambiri amaiwalaiwala, choncho sakumbukira kuti mwezi watha sankatha kusamba okha. Kope wamba limathandiza kwambiri pamenepa. Madzulo aliwonse lembani zimene mwachita, mphindi zake, ndi kutopa kwanu pa muyeso wa 0 mpaka 10. Musaliwerenge tsiku ndi tsiku, chifukwa masiku amakwera n'kutsika; tsegulani masamba akale pakatha mwezi. Zolinga nazo zikhale zowerengeka: "kuyenda mphindi 10 kawiri pa tsiku" kumaposa "kuchira msanga". Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, kenako liwiro limachepa. Ambiri amaganiza kuti basi afika pothera, n'kusiya mafizo. Kumeneko n'kulakwitsa, pakuti ubongo umapitiriza kuphunzira njira zatsopano kwa zaka, makamaka pa zimene munthu akuzibwereza.

Mphwayi ndi nkhani ina. Mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa mphumi, ndiyo imayambitsa zochita ndi kuthandiza munthu kuugwira mtima. Ikavulala, munthu amatha kukhala pampando tsiku lonse osadandaula kanthu, komanso osayamba kanthu. Abale amati wachita ulesi, n'kumamukalipira, zimene zimangoonjezera mkangano. Chothandiza ndi kumuyambitsira: ndandanda yolembedwa pakhoma, alamu ya pa foni, kapena kumupatsa mswachi m'manja m'malo momufunsa ngati akufuna kutsuka mano. Akapsa mtima, musatsutsane naye nthawi yomweyo. Chepetsani phokoso, mpatseni mpata, nkhaniyo mudzakambirane mtima utatsika.

Matenda a kuvutika maganizo nawo ngofala kuposa mmene ambiri amaganizira. Kafukufuku amene anachitika ku Seattle, ku America, n'kusindikizidwa mu 2010 anapeza kuti oposa theka la anthu amene anagonekedwa m'chipatala atavulala ubongo anadwala matendawa m'chaka choyamba. Chisoni chikapitirira milungu iwiri, munthu osakondwanso ndi zimene ankakonda, akudziona wachabechabe, kaonaneni ndi dokotala. Uphungu umathandiza, mankhwala monga sertraline nawonso angathandize, ngakhale amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti phindu lake lioneke bwino. Ndi bwino kufunsanso zoyeza mahomoni m'magazi, chifukwa kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kali kunsi kwa ubongo, nthawi zina kamavulalira limodzi, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za kuvutika maganizo. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu wina ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tulo tisamalidwe: gonani ndi kudzuka nthawi yofanana, khofi musamwe masana akapita, ndipo katulo ka masana kasapitirire mphindi 30. Mowa usiyeni kaye. Umasokoneza tulo, umagwetsa munthu amene akuyenda kale modzandira, komanso ungayambitse kukomoka kwa khunyu.

Pomaliza pali kufooka kumene sikufuna kulimbikitsidwa ndi mawu. Mutu ukamawawa moonjezereka, munthu akamasanza mobwerezabwereza, kuodzera mosadzutsika, kusokonezeka, kufooka mbali imodzi ya thupi kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala. Magazi amatha kuunjikana pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chigaza patapita milungu ingapo chivulalireni, makamaka kwa okalamba ndi amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin.