Njanji ya ku Moatize: madzi a 2013 anaulula chiyani?

Mitambo ikayamba kuda ku mapiri a Zóbuè, mkangano uja umadzukanso pa siteshoni ya Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique: kodi njanjiyi ndi ya anthu kapena ya malasha? Amayi okwera sitima ndi matumba a chimanga ali ndi yankho lawo, akuluakulu a migodi alinso ndi lawo. Mkanganowu ndi wakale kuposa onse okanganawo.

Apwitikizi anatsegula mlatho wa Dona Ana mu 1935. Ndi wa makilomita 3.67, ndipo umalumikiza Sena ndi Mutarara pamwamba pa Zambezi. Nthambi yochokera pamenepo inafika ku Moatize mu 1949, ndipo chimene inkatsata sichinabisike: malasha. Kenako nkhondo. Masitima anasiya kuyenda m'zaka za m'ma 1980, asilikali a Renamo anaphulitsa mlathowo mu 1986, mitengo n'kumera pakati pa zitsulo. Mu 1995 mlatho unakonzedwa kuti pazidutsa magalimoto, mu 2009 unabwereranso kwa sitima.

Ntchito youkitsa njanjiyi, yotchedwa njanji ya Sena, inaperekedwa mu 2004 kwa makampani awiri a ku India, Rites ndi Ircon. Apa nkhani zimasiyana. Boma linati ntchito inachedwa ndiponso sinali yolongosoka, ndipo linathetsa mgwirizanowo, njanji n'kubwerera m'manja mwa CFM, kampani ya boma ya njanji ndi madoko. Makampaniwo anakana mlanduwo, nkhani inakafika kwa oweruza akunja. Wowerenga mbali zonse ziwiri amapeza kuti aliyense ankateteza thumba lake. Chodziwika n'chakuti mu 2011 sitima yoyamba ya malasha a Vale, kampani ya migodi ya ku Brazil, inanyamuka ku Moatize ulendo wa ku doko la Beira, mtunda woposa makilomita 570.

Mboni yosakondera inabwera mu February 2013. Mvula inagwa kwa masiku angapo, madzi anakokolola nthaka ya pansi pa njanji cha ku Doa, pakati pa Mutarara ndi Moatize, ndipo masitima anaima kwa masabata. Amene anaonapo njanji itakokoloka amadziwa maonekedwe ake: zitsulo ziwiri zili lende m'malere ngati chingwe choyanikapo zovala, pansi pake phompho, miyala yonse itapita ndi madzi. Vale ndi kampani ina ya migodi, Rio Tinto, analengeza kuti sakwanitsa kutumiza malasha kwa ogula. Nyuzipepala zinawerenga matani amene anatsala pa mgodi. Mayi wa ku Doa amene anafunika kulipira chapa (minibasi) m'malo mwa tikiti yotsika mtengo ya sitima sanalowe m'mawerengedwewo.

Agogo athu akaona phiri litagumuka, madzi akutsika ndi miyala, ankati kwadutsa Napolo. Akatswiri a njanji amafotokoza mwina, ngakhale kuti njira ya Napoloyo amaidziwa bwino. Njanji imakwezedwa pa mtumbira wa dothi, ndipo mtumbirawo umatchinga madzi ngati damu. Kalavati ikakhala yaing'ono, kapena ikatsekeka ndi mchenga ndi zinyalala, madzi amadikha, dothi limakhuta, kenako limagumuka nthawi imodzi. Pamene njanji inadula phiri vuto limachokera kumtunda: khoma lonyowa limatsetsereka n'kukwirira zitsulo. Mankhwala ake si achilendo. Kugwapula ngalande mvula isanayambe, kukulitsa makalavati, kumanga miyala m'mawaya, kubzala vetiva m'malo otsetsereka, ndi kukhala ndi anthu oyendera njanji wapansi mvula ikagwa usiku.

Ena amaloza chala owotcha makala, kuti ndiwo anameta mapiri. Zoona zilimo, phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Komatu wowotcha makala si amene anayeza kukula kwa kalavati.

Eni malasha anapeza khomo lina. Vale inamanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita 912 yodutsa ku Malawi mpaka ku doko la Nacala-a-Velha, imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Mu January chaka chomwecho namondwe Ana anagwetsa mlatho wa msewu pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Malasha tsopano ali ndi njira ziwiri zofikira kunyanja. Wa ku Doa ndi wa ku Mutarara akadali ndi imodzi yomwe ija ya 1949.