Kukhala chete si mtendere wa Mulungu

Kuno ku Dedza ambiri tinakula tikumva kuti Mkhristu wamtendere ndi amene amangokhala chete akalakwiridwa, moti mayi akadandaula za m'banja mwake, anzake amamuuza kuti, "Pirirani amayi, banja ndi kupirira." Maganizo amenewa ndi olakwika. Pa Mateyu 18:15-16, Yesu akuti mbale wako akakuchimwira, upite ukamuuze cholakwa chake muli awiriwiri, ndipo akakana kumva, utenge wina mmodzi kapena awiri, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi ntchito ya ankhoswe. Anthu okanganirana malire a munda wa mbatatesi angathe kugwirana chanza cha mtendere pa Misa, koma ngati akuzembanabe pa mjigo ndi kuletsa ana awo kusewera limodzi, ndiye kuti mkwiyo uja angoubisa, ndipo kawirikawiri umadzaphulika pamaliro.