Mmene Chinyanja chinalowera mu Lusaka

Eni nthaka ya Lusaka ndi Asoli ndi Alenje, ndipo mzindawu unatenga dzina la mfumu ya mudzi, Lusaaka, njanji itafika kuno mu 1905. Koma mukafika pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower lero, kondakitala akuitanirani m'Chinyanja, chilankhulo cha kum'mawa, pomwe Chipata ili pa mtunda wa makilomita oposa 500.

Chinyanja chinabwera ndi ntchito za boma la atsamunda. Mpaka 1911, Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inali likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo azungu a boma anazolowera kulamula m'Chinyanja. Ku polisi ndi ku usilikali chinakhazikika ndithu: Mlozi kapena Mbemba akavala yunifolomu ankayenera kuchiphunzira, afune asafune. Likulu la Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, litachoka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, apolisiwo anabwera nalo, pamodzi ndi amesenjala, makalaliki ndi akhukhi. Ambiri anali ochokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, komwe sukulu za mishoni zinayamba msanga. M'makomboni monga Kabwata, Chilenje ndi Matero, mlendo wofuna nyumba, ntchito kapena mkazi ankapeza anzake akumvana kale m'Chinyanja, naye n'kutsatira. Wayilesi, yomwe inayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, inathandizanso.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linaopa kukweza chilankhulo cha mtundu umodzi m'dziko la mitundu 73. Linasankha Chingelezi, ndipo kuyambira 1966 mwana ankaphunzira m'Chingelezi kuchokera giredi 1. Zilankhulo zisanu ndi ziwiri zinapatsidwa malo pa wayilesi ndi m'sukulu za m'zigawo: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Chisoli ndi Chilenje sizinalowe m'gululi, n'chifukwa chake mwana wa Chisoli ku Chongwe, kufupi ndi Lusaka, amaphunzira kuwerenga m'chilankhulo cha alendo.

Choncho munthu wa mu Lusaka amayenda ndi zilankhulo ziwiri zomwe mwina sanayamwire. Chingelezi ndi cha fomu, khoti, mayeso ndi Nyumba ya Malamulo. Chinyanja ndi cha ku msika wa Soweto, pamaliro, pampopi, ndi pomwe Mtonga akukangana ndi Mluvale za chenji. Ine ndimaona kuti ntchito yomwe a Kaunda ankayembekeza kuti Chingelezi chigwira, yoti mitundu imvane popanda wina kudzimva kapolo, mu Lusaka inagwiridwa ndi Chinyanja. Chingelezi chimafunsa kuti unalekeza giredi yanji. Chinyanja cha m'tauni sichifunsa, ndipo palibe amene angakudzudzule kuti wachiphotchola, poti mwini wake weniweni palibe. Chili ndi Chinsenga chambiri, Chingelezi, ndiponso Chibemba chomwe chinachuluka migodi ya ku Copperbelt itayamba kuchotsa anthu ntchito, mabanja n'kusamukira kuno.

Mkangano unabuka poyera mu 2014, boma litalamula kuti giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera lawo. Ku Lusaka kunali Chinyanja, koma cha m'mabuku, chomwe chili pafupi ndi Chichewa cha ku Katete ndi ku Malawi (kumeneko a Kamuzu Banda anachitcha Chichewa mu 1968, Zambia n'kusunga dzina lakale). Mwana wa mu komboni ya Kanyama amene kwawo amati "nifuna manje" anapeza buku likuti "ndikufuna tsopano". Makolo ena anati ana awo akupatsidwa chilankhulo chachilendo chachiwiri asanadziwe n'komwe Chingelezi, ndipo amene anali ndi ndalama anathamangira kusukulu zolipira. Aphunzitsi obadwira ku Mongu kapena ku Kasama nawonso ankayenera kuphunzitsa Chinyanja chozama chomwe iwo eni sanachiphunzirepo, moti ambiri ankangowerenga za m'bukumo kenako n'kumasulira m'Chinyanja cha mumsewu kuti ana amve.